Pakhosi pa Injini

Malume anga ankati injini sidya petulo, imadya mpweya. Petulo ndi ndiwo chabe. Mawu amenewa ndinayamba kuwamva m'chaka cha 2009 nditangofika ku Johannesburg kudzachita maphunziro, pamene ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja yawo ku Turffontein. Ndinawaseka chamumtima. Ndinali nditaphunzitsa sayansi kusekondale kwa zaka zisanu kwathu, ndipo sindinkaona chimene ndingaphunzire pa nkhani ya mpweya kwa mkulu amene sukulu analekezera Sitandade 6. Chonsecho mabuku anga omwe ankavomerezana nawo: kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino, imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya. Mbale yaikulu ndi ya mpweya ndithu.

Malumewo mpweya anaudziwira pansi pa nthaka. Anachoka ku Ntcheu mu 1972 pa ulendo wa Wenela, pandege mpaka ku Francistown, kenako pasitima mpaka kumigodi ya golide ya kumadzulo kwa Johannesburg. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Dr. Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi, ndipo anzawo ambiri anabwerera kumudzi. Iwo anatchona, popeza anali atapeza kale banja. Zaka zoyambirira ankawola miyala ndi fosholo kumbuyo kwa anthu obowola thanthwe, m'fumbi lokhalokha. Pambuyo pake anawaika m'gulu loyang'anira kayendedwe ka mpweya mumgodi, kumene ankanyamula kachipangizo ka mapiko koyezera liwiro la mphepo ndi kapaipi kopindika kokhala ndi madzi. Atasiya mgodi mu 1986 anaphunzira za injini kwa Mpwitikizi wina wa ku Rosettenville. Pamene ine ndinkafika anali makaniko wodziwika m'dera lonselo, koma wopuma mwabefu: akanyamula batire kuchokera pageti kufika pabenchi, ankayamba akhala kaye pansi asanayankhe moni.

Mwana wawo wachiwiri, msuweni wanga, anabadwira komweko, ndipo Chichewa chake chinali chosakanikirana ndi Chizulu ndi Chingerezi. Chaka chimenecho anagula Subaru Impreza WRX ya 2001, yogwiritsidwapo kale ntchito, ya buluu, ya magetsi obulungira ngati maso a kadzidzi ndi mphuno yotseguka pa boneti. Injini yake inali ya malita 2, masilinda anayi ogona chammbali, awiri uku awiri uku, ndi turbo yaing'ono ya Mitsubishi yotchedwa TD04. Eni ake anaipanga kuti izitulutsa makilowati 160. Msuweni wanga ankafuna 200, ndipo chiwerengerochi ankachitchula monga momwe anyamata ena amatchulira dzina la mtsikana.

Kwa amene sanaionepo, turbo ndi timagudumu tiwiri ta mapiko tolumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi, tonse tili m'zigoba zooneka ngati za nkhono. Kamodzi kamakhala m'njira ya utsi wotuluka mu injini, ndipo utsiwo, womwe umatentha mpaka madigiri 900, umakazunguza. Kanzake kamakhala kolowera: kamakoka mpweya wa panja n'kuupanikizira m'masilinda. Mwini nzeruyi, Alfred Büchi wa ku Switzerland, anailembetsa mu 1905, koma amene anaonetsa poyera phindu lake ndi Sanford Moss wa kampani ya General Electric. Mu 1918 iye anakwera ndi injini ya ndege pamwamba pa phiri la Pikes Peak ku Colorado, mamita 4,300 kuchokera pa nyanja yamchere, n'kusonyeza kuti turbo ikhoza kubwezera injini mphamvu imene imataya mumpweya wopepuka wa kumapiri. Nkhani ya Moss ndinkaidziwa. Ndinangoiwala kuti nanenso ndinali paphiri.

Pulesha imene turbo imawonjezera amaitcha boost, ndipo msuweni wanga anamangirira geji yake pambali pa chiwongolero. Kuti pulesha isapitirire muyezo, turbo ili ndi kachitseko kotchedwa wastegate, komwe kamatseguka n'kulambalalitsa utsi wina kuti usazunguze gudumu. Kukweza boost n'kosavuta mochititsa mantha: kavalavu ka sikuluwu ka ndalama zochepa, kolumikizidwa pa kapaipi kopita ku kachitsekoko, kamakachititsa kuti kachedwe kutseguka. Anyamata ambiri ankakhulupirira kuti opanga magalimoto amabisa mphamvu mwadala, ndipo chikhulupirirochi chinali ndi pochokera. Kuyambira mu 1989 mpaka 2004 makampani a ku Japan anagwirizana zosalengeza mphamvu yoposa akavalo 280, choncho magalimoto monga Nissan Skyline GT-R ankatuluka ndi injini zokhoza kupirira zambiri kuposa zolembedwa. Mbali yosakambidwa kawirikawiri inali yakuti timagudumu ta ku utsi ta Skyline yomweyo, topangidwa ndi seramiki, tinkathyoka boost ikakwezedwa mopitirira.

Madzulo ena msuweni wanga anandipeza pabenchi. "Msuweni, iwe ndiwe wa masamu. Pano ikupereka 0.9 bar. Ndikakweza kufika 1.4, ndipeza zingati?" Ndinawerengera pa katoni ya mafuta a injini. Mpweya wa panja umakankha ndi 1 bar, turbo ikuwonjezera 0.9, pamodzi 1.9. Tikakweza, pamodzi zikhala 2.4. Ndinagawa 2.4 ndi 1.9, n'kuchulukitsa ndi 160, ndipo panatuluka 202. Ndinaizunguliza nambalayo kawiri ndi bolopeni.

Malume anaitenga katoniyo n'kuiyang'ana nthawi yaitali. "Aphunzitsi," anatero, ndipo akanditchula choncho ndinkadziwa kuti zinthu sizili bwino, "geji imeneyo ikuwerenga chiyani?"

"Mpweya wolowa mu injini, amalume."

"Iyayi. Ikuwerenga mpweya wokanika kulowa."

Anatenga paipi yotsukira magalimoto, n'kutsegula mpopi, n'kutseka theka la kamwa lake ndi chala. Paipi inauma gwa, madzi anathovokera kutali. "Pulesha yakwera, eti? Nanga chidebe chidzaza msanga?" Ndinawatsutsa mwaulemu, koma ndinawatsutsabe. Ndinati silinda si chidebe, ndi chipinda chotsekeka, ndipo pulesha ikachuluka pakhomo pake, mpweya wolowa umachulukanso. Zimenezo n'zoona, ndipo mpaka lero sindinazibweze. Koma masamu anga anaima pa miyendo inayi imene sindinaiyang'ane: kuti mpweya wa panja ndi 1 bar, kuti kutentha kwake sikusintha, kuti turbo ili nawo mpweya wonse umene ikupemphedwa, ndiponso kuti utsi wowonjezerekawo upeza potulukira. Malume anafuna kuyankha, koma chifuwa chinawagwira, ndipo atamaliza kutsokomola anangogwedeza dzanja n'kulowa m'nyumba. Ife tinatenga kukhala chete kwawoko ngati chilolezo.

Poyamba zinaoneka ngati ndapambana. Pa giya yachiwiri galimoto inkakukankhira kumpando mpaka m'mimba kuchita zii. Koma titapita nayo pamakina oyezera mphamvu, pepala linatuluka ndi nkhani ina. Injini ikamazungulira maulendo 3,500 pa miniti, geji inkafikadi 1.4; ikamakwera kupita ku 6,500, muvi unkatsika wokha mpaka kufupi ndi 1.0. Mphamvu ya pamwamba inakwera ndi makilowati 9 m'malo mwa 42 amene ndinalonjeza. Muvi wotsikawo unali kutiuza zonse, koma msuweni wanga anaumva ngati chipongwe. Anamanganso sikuluwu. Anachotsa bokosi la sefa ya mpweya n'kuika sefa yofiira yooneka ngati chipewa, anagula valavu yoyetsemula posintha giya, ndipo kompyuta ya injini itayamba kudula petulo poona kuti pulesha yapyola malire, anagula kabokosi konamiza sensa kuti kompyutayo isadziwe. Ine ndinamugwirira tochi pomanga kabokosiko.

Lamlungu lina la mu Novembala tinapita ku Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp, kumene magalimoto amathamanga awiriawiri mtunda wa mamita 402. Kunatentha. Pamzere wodikira tinakhala nthawi yaitali injini ikulira. Pa galimoto imeneyi, intercooler, yomwe ntchito yake ndi kuziziritsa mpweya wochokera ku turbo, imakhala pamwamba penipeni pa injini, ndipo imadalira mphepo yolowera pamphuno ya boneti ija. Galimoto ikangoima, m'malo moziziritsidwa imaotchedwa kuchokera pansi ngati mphika wa pamafuwa. M'thanki munali petulo wa 93, amene amagulitsidwa m'madera okwera a dzikolo, chifukwa wa 95 anali wokwererapo mtengo. Ulendo woyamba unatha bwino. Pa wachiwiri, ali pa giya yachitatu, msuweni wanga akuti anamva ngati misomali ikugwedezeka m'chitini. Ife a kumpanda tinangoona utsi wabuluu.

Phokoso la misomalilo ndi petulo wophulika yekha m'mbali mwa silinda moto wa pulagi usanamufike, chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika. M'malo mokankha pisitoni, amaimenya ngati hamala. Titaibweretsa pa chingwe n'kumasula injini, malume anatulutsa pisitoni imodzi imene kamlomo kake ka pakati pa maring'i kanali katathyoka, ndipo khoma la silinda linali ndi mikwingwirima yozama. Anaipukuta ndi kansalu n'kuiika m'manja mwanga, osati mwa mwana wawo. Sananene kanthu.

Kukonza kunadya R28,000. Msuweni wanga anali akubwezabe ngongole ya galimotoyo, ine ndinali mwana wa sukulu, ndiye ndalamazo zinachokera m'kabuku ka malume, m'mene ankasunga za malata a nyumba imene ankamanga pang'onopang'ono ku Ntcheu. Makoma anali ataima zaka ziwiri akunyowa ndi mvula. Timati mawu a akulu akoma akagonera, koma mwambiwu sunena kuti nthawi zina wolipira kugonerako ndi mkulu yemweyo.

M'masabata amene tinkadikira zipangizo ndinabwerera ku masamu, ulendo uno mwamantha. Injini ya malita 2 imadzaza masilinda ake onse kamodzi pa maulendo awiri alionse. Pa maulendo 6,000 pa miniti imameza malita pafupifupi 6,000, ndipo m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene malita 1,000 a mpweya amalemera makilogalamu 1.2, amenewo ndi makilogalamu 7. Okonza injini za petulo amawerengera kuti kilogalamu iliyonse ya mpweya pa miniti imabala makilowati 16 kapena 17. Ndiye kuti makilowati 160 amafuna makilogalamu pafupifupi 10, ndipo 200 amafuna 12 ndi kanthu. Funso limene ndinayenera kufunsa tsiku lija silinali la pulesha. Linali lakuti makilogalamu 12 amenewa adzera pati.

Yankho lili pa chithunzi chimene opanga turbo amajambula, chooneka ngati mapu a chilumba. Pansi pamalembedwa kuchuluka kwa mpweya wodutsa, m'mbali kuchuluka kwa kupanikiza. Pakati pa chilumbacho turbo imagwira bwino ntchito: mwa magawo 100 a mphamvu imene yalandira, oposa 70 amapita ku kupanikiza kwenikweni. Kumanzere kuli gombe limene mpweya wochepa umapanikizidwa mopitirira mpaka kubwerera m'mbuyo mogwedeza mapiko. Kumanja kuli gombe limene linatimiza ife. Kamwa la gudumu la turbo yathu linali la masentimita 4 okha. Mpweya ukamachuluka, umathamanga kwambiri kuti udutse pakati pa mapiko, mpaka umafika pa liwiro la phokoso, mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Apa pali chinthu chimene chinandisowetsa tulo chifukwa cha kukongola kwake. Mpweya wa panja umadziwa kuti kutsogolo ukuitanidwa kudzera m'mafunde a pulesha, ndipo mafundewo amayenda pa liwiro la phokoso. Mpweya wa pakhosi ukafika pa liwiro lomwelo, uthenga sungathenso kubwerera m'mbuyo. Gudumu likhoza kuzungulira maulendo 150,000 kapena 200,000 pa miniti, kuitana ndi mphamvu zake zonse, koma wa panja samva. Mphamvu yowonjezerayo imangosanduka kutentha.

Kwa turbo ya msinkhu umenewu gombelo lili pafupi ndi makilogalamu 12 pa miniti, ukakhala ku Durban. Koma Johannesburg ali pamtunda wa mamita 1,750. Palibe nsonga yooneka, misewu ndi yathyathyathya, ndipo munthu amaiwala. Mpweya wa kumeneko umakankha ndi 0.83 bar, ndipo khosi la turbo limawerenga malita, osati makilogalamu. Malita omwewo a mpweya wopepuka ankangolemera makilogalamu 10, ndiwo amene eni galimoto anali atapempha kale. Pofuna 1.4 pa geji tinkauza kagudumu kaja kuti kapanikize mpweya kuwirikiza 2.7, pamene ine pa katoni ndinkaganiza za 2.4. Nditawerengera kutentha, ndinapeza kuti pa tsiku la madigiri 30 mpweya umene kale unkatuluka mu turbo uli pa madigiri 130 tsopano unkayandikira 200. Mpweya wotentha umafufuma: geji imauona wochuluka, sikelo ikanauona wochepa.

Ndinadabwa kupeza kuti lamulo limene linatigwetsali ndi limenenso oyendetsa mipikisano amagwiritsa ntchito mwadala. Mu 1995 bungwe la FIA linalamula kuti galimoto iliyonse ya turbo ya m'gulu lapamwamba la mpikisano wa dziko lonse wa rally ikhale ndi kachitsulo ka bowo la mamilimita 34 pakamwa pa turbo. Nditawerengera ndinapeza kuti bowo lotere, mpweya ukafika pa liwiro la phokoso, limadutsitsa makilogalamu pafupifupi 13 pa miniti, omwe ndi makilowati 220 kapena akavalo 300, ndipo imeneyo ndiyo mphamvu imene magalimotowo ankatchulidwa nayo. Chaka chomwecho, pa mpikisano wa ku Catalunya, oyendera anapeza kuti gulu la Toyota Team Europe linapanga njira yobisika pa Celica GT-Four: kachitsuloko kakamangidwa, kankasunthira kutsogolo mamilimita 5 n'kusiya mpata woti mpweya uzilambalala bowo, ndipo kakamasulidwa kuti kayezedwe, masipuling'i ankatseka mpatawo. Gululo linalandidwa mapointi n'kuletsedwa kupikisana chaka chathunthu, ndipo chikho cha oyendetsa chinapita kwa Colin McRae pa Impreza ya buluu, imene inachititsa anyamata ngati msuweni wanga kulota mtundu umenewo. Chinyengo sindichiyamikira. Koma ndinaona kuti akatswiri aja, ndi ndalama zawo zonse, sanavutike n'kumanga sikuluwu. Anafunafuna khomo lina.

Nditawafotokozera malume zonsezi, ndi mapepala m'manja, anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anati kumgodi ankaziphunzitsa kwa aliyense wa m'gulu lawo m'sabata yoyamba, m'Chifanakalo. Ukafuna mphepo yowirikiza kawiri m'ngalande yomweyo, uyenera kukankha kuwirikiza kanayi, ndipo fani idya magetsi kuwirikiza kasanu n'katatu. N'chifukwa chake kukatentha kumalo ogwirira ntchito, sankathamangira kuitanitsa fani yaikulu. Ankayenda ngalande yonse ndi kapaipi ka madzi kaja, kuyeza apa ndi apo, mpaka atapeza pamene pulesha ikutayikira: mwala wogwa, chitseko chosiyidwa, paipi yophwanyika. Lamuloli m'mabuku a migodi limatchedwa ndi dzina la John Atkinson, amene analilemba ku England mu 1854. Malume dzinalo sanalimvepo, ndipo nditawauza anangoti, "Ameneyo anatsikako pansi, mphwanga, kapena anangomva?" Ndinawayankha kuti anali munthu wa m'migodi ya malasha. Anavomera ndi mutu.

Injini itabwerera m'malo mwake kumayambiriro kwa 2010, kabokosi konamiza katatayidwa ndipo boost itabwezedwa pa 0.9, malume anati tiyende ngalande. Anakhomerera kapaipi koonekera mkati pa thabwa, mopinda ngati chilembo cha U, n'kuthiramo madzi a inki. Kumene pulesha inali yaikulu moti madzi sakanakwanira, pakuti bar imodzi ndi mamita 10 a madzi, anamangako mageji akale. Msuweni wanga ankayendetsa, ine ndinkagwira thabwa ndi kope, iwo ankakhala kumbuyo n'kumalamula.

Sefa yofiira ija, imene inadya ndalama zambiri, inaposa bokosi la eni ake ndi masentimita 10 okha a madzi, omwe ndi 0.01 bar, pamene inkakoka mpweya wa pansi pa boneti wotentha kuposa wa panja ndi madigiri 20. Tinabwezeretsa bokosi. Chitseko chimene phazi limatsegula poponda moto sichinkatsekereza chilichonse chooneka. Intercooler inkadya 0.15 bar injini ikafika pamwamba, zomwe malume anati n'zopiririka. Mwala wogwa tinaupeza kumene palibe mnyamata amayang'ana, chifukwa sikuwala ndipo sikuoneka ukatsegula boneti: ku ekizozi. Kuseri kwa turbo geji inaonetsa 0.4 bar, pakuti chisa chosefera utsi chinali chitasungunuka mbali imodzi m'masiku a kutentha aja. Kutsogolo kwa gudumu la utsi inaonetsa 1.7 bar, pamene kolowera kunali 0.9. Tanthauzo lake n'lakuti pisitoni inkawononga mphamvu pokankha utsi, ndipo utsi wina wotentha unkatsalira m'silinda n'kulanda malo a mpweya watsopano. Pa maulendo 6,000, pisitoni imatsika kukoka mpweya m'magawo 5 okha mwa magawo 1,000 a sekondi. Mlendo wa nthawi yochepa chotere akapeza m'nyumba muli kale anthu, amabwerera pakhomo.

Tinaika chisa chatsopano ndi paipi yotakata ya mamilimita 76. Nthawi yomweyo vuto linasamuka: utsi unayamba kudutsa mosavuta pa gudumu moti kabowo ka wastegate kanachepa, ndipo boost inayamba kukwera yokha popanda woipempha. Malume anakhala masana onse akukuza kabowoko ndi kagalayindala, kupuma pakapita mphindi zingapo zilizonse. Titabwerera pamakina oyezera, geji ili pa 0.9 pomwe paja, mphamvu inali itakwera ndi makilowati 14 kuposa mmene galimoto inabwerera. Msuweni wanga anayamba pomwepo kukamba za turbo yaikulu. Bambo ake anamuwerengera pa zala zimene zikanatsatira. Sensa yoyeza mpweya imalankhula ndi kompyuta pa mavoti osapitirira 5, ndipo ikafika pamenepo imangonena chimodzimodzi ngakhale mpweya uwonjezeke, kompyuta n'kumapereka petulo wochepa. Mainjekita akatseguka nthawi yoposa magawo 85 pa 100 amakhala atatha mawu. Kenako pampu, kenako intercooler, kenako kilatchi. Turbo yaikulu nayo imachedwa kudzuka, ndipo galimoto imene inkasangalatsa m'tauni imasanduka yaulesi mpaka injini itakuwa. "Palibe pothera, mwana wanga," anatero, "pali pongolekezera."

Mwezi wa Epulo ndinawaperekeza kuchipatala. Namwino anawatseka mphuno ndi kopanira n'kuwapatsa paipi yoti auziremo ndi mphamvu zonse. Makinawo amayeza malita amene munthu amatulutsa m'sekondi yoyamba; bambo wathanzi wa msinkhu wawo amatulutsa pafupifupi 3. Iwo anatulutsa 1.3. Anapempha kuyesanso. Ndinaona mitsempha ya m'khosi mwawo ikutupa, mapewa akunjenjemera, ndipo nambala inabwera yomweyo. Namwino anawauza mokoma mtima kuti asadzipweteke: pofika pena, kukankha kwambiri kumangofinya tinjira ta m'mapapo, mpweya suwonjezeka. Fumbi la thanthwe la zaka zoyamba zija linali litasiya zipsera zimene sizipola. Akuvala jekete anandiyang'ana n'kuseka pang'ono. "Aphunzitsi, katoni yanu ija mwaisiya kuti?" Khoti la ku Johannesburg linavomereza mu 2019 chipukutamisozi cha R5 biliyoni kwa anthu odwala matenda amenewa m'migodi ya golide. Malume anali atatisiya mu 2014.

Koma ndabwerera kutsogolo msanga. Mu Julaye 2010, mpira wa dziko lonse utangotha, msuweni wanga anatiuza pa chakudya chamadzulo kuti wapeza wogula galimoto ku Durban. Palibe amene anamutuma. Malume anati apita nawo, popeza pa zaka 38 zimene anakhala m'dzikomo nyanja yamchere anali asanaione. Tisananyamuke anamwa madzi onse a m'botolo lapulasitiki, n'kulitseka zolimba lili lopanda kanthu, n'kuliika pa dashibodi.

Msewu wa N3 ndi wa makilomita pafupifupi 570. Mpaka ku Harrismith dziko ndi lokwera ndi lathyathyathya. Pa Van Reenen limagwa mwadzidzidzi, limakweranso cha ku Mooi River, kenako limatsetsereka kudutsa Pietermaritzburg mpaka kunyanja. Botolo lija linayamba kulira pang'onopang'ono, kuphwanyika m'mbali ngati pali dzanja losaoneka. Msuweni wanga anati galimoto ikuyankha msanga phazi, turbo ikudzuka isanaitanidwe kawiri. Kumbuyo, malume anasiya kutsokomola penapake titadutsa Pietermaritzburg, ndipo tinazindikira zimenezi patapita nthawi, monga momwe umazindikirira kuti chigayo cha pafupi chazima.

Wogulayo anali mnyamata wa zaka ngati 22. Anazungulira galimoto, anagwada kuyang'ana ekizozi, kenako analoza geji n'kufunsa ngati singakwezedwe kufika 1.4. Msuweni wanga anatsegula buti, n'kutulutsa pisitoni yothyoka ija, imene sindinkadziwa kuti anaitenga, n'kumupatsa pamodzi ndi makiyi.

Basi yobwerera inali ya usiku, choncho tinapita kugombe. Malume anavula nsapato, anapinda thalauza, n'kuyamba kuyenda pamchenga wonyowa, envulopu ya ndalama ili m'thumba la mkati la jekete. Ine ndinkawatsatira ndi botolo lophwanyika lija, ndikuyembekeza kuti akhala pansi monga ankachitira pakati pa geti ndi benchi. Ndinamva akuwerenga mapazi chapansipansi. Atafika pa 300 anaima, manja m'chiuno, n'kutembenuka.

"Mphwanga, ku Salima n'kokwera bwanji?"

"Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500, amalume."

"Nanga kwathu ku Ntcheu?"

"Kupitirira 1,000."

Anayang'ana mafunde kwa kanthawi. "Malata ndi a ku Ntcheu basi, makoma akudikira," anatero. Kenako anapitiriza kuwerenga, kuyambira pa 301.